Za Mbedza ya Mnyamata ndi Khoka la Akulu

Aliyense amene anayendapo m'mbali mwa nyanja yathu nthawi ya m'mawa, dzuwa lisanatenthe mchenga, kaya ndi ku Nkhotakota, ku Senga Bay, ku Chembe kapena ku Malindi, anaonapo tianyamata tiwiri titatu titaima pamwala kapena m'bango, madzi ali m'mawondo, aliyense kamtengo ka mbedza kali m'dzanja ndi kachitini ka nyongolotsi kali pambali, onse ali duu monga anthu opemphera. Ndipo mlendo wochokera kumtunda, poona zimenezi, amangoti ndi masewera a ana othawa ntchito ya kumunda, osadziwa kuti maso ake akuona kalasi yoyamba ya sukulu yakale koposa masukulu onse a m'dziko muno, imene inali ndi aphunzitsi ake ndi malamulo ake Amishoni asanapachike belu lawo ku Cape Maclear m'chaka cha 1875.

Ndayamba ndi ana amenewa chifukwa posachedwapa mnyamata wina wophunzira bwino, amene ali ndi khumbo lolemba m'nyuzipepala nkhani za sabata ndi sabata zolangiza anzake okonda kuwedza, anandifunsa chimene munthu angalembe m'nkhani zotere kuti zisazime msanga ngati moto wa mapesi. Ine, pokhala munthu amene imvi zayamba kumuchezera, sindinamuyankhe za kamangidwe ka mbedza kapena za nyambo imene kampango amaikonda, pakuti zimenezo mwana wa kunyanja amazidziwa asanadziwe kuwerenga. Koma ndinamuuza kuti ayambe wafunsa kumene ntchito imeneyi inachokera, ndi chimene chinachitika kuti nyanja imene inadyetsa makolo athu mosaumira ikhale ikutipatsa bonya lero pamene kale inkatipatsa chambo.

Sukulu ya padoko inalibe bolodi ngakhale choko, koma makalasi ake anali otsatana bwino, ndipo panalibe wodumpha kalasi. Mwana wamng'ono ankayamba ndi kutola tinsomba totsalira pamchenga akulu akatha kukoka khoka, nathamanga nato kwa amake. Atasinkhukirapo ankasema kamtengo, napempha kachingwe kwa atsibweni ake, nakumba nyongolotsi m'dambo kapena kuumba kansima kolimba kuti kakhale nyambo, ndi kukakhala pamwala kufikira msana utawawa, ndipo pamenepo ndi pamene ankaphunzira chinthu chimene mawu a mphunzitsi sangachilowetse mumtima mwa mwana, ndicho kudikira, pakuti akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pambuyo pake ankamutenga kukatchera miyono m'bango ndi kukaionjola mbandakucha, akuphunzira kuzindikira pamene ng'ona yagona ndi pamene mvuu yadutsa usiku; kenaka ankamulola kugwira chingwe cha khoka kumapeto kwenikweni, kumene mphamvu zake zochepa sizikanaononga kanthu; ndipo potsiriza, mawu atakula ndi mapewa atatambasuka, ankampatsa nkhafi nalowa m'bwato, ndipo tsiku limenelo amake sankameza bwino nsima kufikira atamuona akukocheza.

Tsono tiyenera kukumbukira kuti ukonde wa masiku amenewo sunali wogula kusitolo. Munthu ankapita kuthengo kukadula bwazi kapena chopwa, nasenda khungwa lake, nalipala, nayanika luzi lake padzuwa, ndi kukhala pansi pa mtengo miyezi yathunthu akupota chingwe pantchafu kufikira ubweya wa pantchafupo utatha. Ndipo atatha kupota ndiye ankayamba kuluka, diso limodzi limodzi, namangirira timitengo topepuka kumwamba kuti ukonde uyandame ndi miyala kunsi kuti umire. Khoka lotere linali chuma cha mbumba yonse, ndipo linali chuma chosachedwa kudwala: linkafuna kuliyanika likangotuluka m'madzi, kulisoka pamene mwala kapena ng'ona yang'amba, kulinyika m'madzi a makungwa kuti lisaole msanga, ndipo ngakhale atalisamala chotero silinkakhalitsa. Bwato nawo unali ntchito ina yaikulu, pakuti mbawa kapena nsangu woyenera ankapezeka kutali, ndipo mmisiri atatha kuusema ndi nsompho, mudzi wonse unkaitanidwa kudzaukokera kunyanja ndi nyimbo ndi mowa. Chotsatira chake n'chakuti msodzi ankatha masiku ambiri pamtunda akukonza zida kuposa masiku amene ankakhala pamadzi, ndipo mwera ukawomba m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, mabwato ankagona pamchenga ngati ng'ombe m'khola. Motero nyanja inali ndi Sabata lake, chinkana panalibe amene analilemba pa gome la mwala.

Sindinena kuti makolo athu anali oyera mtima kuposa ife, pakuti munthu ndi munthu ndithu, ndipo mimba ya kale inkamva njala monga ya lero. Iwonso ankasinja katupe ndi ombwe nathira m'maiwe m'chilimwe, nsomba zazikulu ndi zazing'ono zomwe n'kuyandama mimba zili m'mwamba. Iwonso ankamanga mabiyo otseka mtsinje nthawi imene mpasa, sanjika ndi ntchila zinkakwera ku Bua, ku Linthipe, ku Dwangwa ndi ku Rukuru kukaswana, naika miyono m'mipata yake kuti nsomba yodzaza mazira ilowe yokha. Chimene chinapulumutsa nyanja n'chakuti anthu anali ochepa, zida zinali zofooka, msika unali kutali, ndipo doko lililonse ndi biyo lililonse linali ndi mwini wake wodziwika, mfumu kapena mkulu wa mbumba, amene mlendo ankayenera kumuombera m'manja asanaponye ukonde, ndi kumpatsa gawo lake la nsomba pobwera. Munthu wopha zoposa zimene banja lake likanadya kapena kuwamba analibe kopita nazo, koma kusinthanitsa ndi anthu a kumtunda pa ufa, chinangwa kapena makasu. Ndipo dyera likasowa msika limagona tulo.

Koma chuma chenicheni cha sukulu ija chinali m'mayina. Akatswiri a masiku ano amatiuza kuti nyanja imeneyi, yotalika makilomita oposa 500 ndi yozama mamita pafupifupi 700 chakumpoto, ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka koposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi. Ndipo nkhalamba ya padoko, yosadziwa ngakhale kulemba dzina lake, inkatha kutola nsomba m'dengu imodzi imodzi ndi kuitchula monga mbusa atchula ng'ombe zake, iyi ndi mcheni, iyi ndi mbaba, iyi ndi nkholokolo yoti uigwire mochenjera chifukwa cha minga yake, iyi ndi kadyakolo, uyu ndi bombe wa kozama. Inkadziwa kuti usipa umakonda mdima mwezi ukafa. Kuti utaka umasonkhana pamene pali miyala pansi pa madzi. Kuti mpoto ndi vuma ndi mwera aliyense ali ndi khalidwe lake ndi nthawi yake. Kuti chooneka ngati utsi pakati pa nyanja si moto ayi koma nkhungu, tizilombo timene amayi ankatikola ndi malichero naumba zikate zake. Koposa zonse inkadziwa chinsinsi cha chambo, chakuti chachimuna chimakumba chisa chozungulira pamchenga, ndipo chachikazi chimafungatira mazira ndi ana ake m'kamwa, osadya bwino masabata angapo, kufikira chitakawalavula m'madzi osaya a m'bango kumene kasawala amakulira. Kotero kuti wopha chambo chimodzi nyengo imeneyo wapha mudzi wathunthu. David Livingstone, amene anafika panyanjayi mu 1859 nabweranso mu 1861 kudzayenda m'mbali mwake ndi boti, anasimba m'buku lake za maukonde a bwazi, za zikate za nkhungu ndi za nsomba zokwera mitsinje kukaswana, ndipo zimene iye anaziona ngati zodabwitsa, ana a padoko ankazidziwa kale ngati dzina la amawo.

Zinthu zinayamba kutembenuka pamene boma la Angerezi linakhazikika m'dziko muno mu 1891 ndi kuika msonkho wa nyumba, pakuti kuyambira pamenepo munthu aliyense anayenera kupeza ndalama, ndipo wa kunyanja anaona kuti ndalama yake ili m'madzi. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inadzaza ndi antchito ofuna ndiwo, matauni a Blantyre, Limbe ndi Zomba anakula, ndipo nsomba zowamba zinayamba kuyenda ulendo wa masiku ambiri, poyamba pamitu ya amtengatenga, pambuyo pake panjinga zakapalasa zolemedwa ndi madengu, ndipo potsiriza pamalole. M'zaka za m'ma 1930 anafika Agiriki, odziwika kwambiri mwa iwo ndiwo abale a banja la Yiannakis, namanga misasa yawo kumwera kwa nyanja kufupi ndi Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi. Ndipo m'zaka za nkhondo yachiwiri anayamba kugwiritsa ntchito ukonde waukulu wozinga chambo pakati penipeni pa madzi ndi maboti a injini, kumene bwato wa munthu wamba sunkafika ndi khoka lake. Mafumu ndi asodzi a kumeneko anadandaula kwa a DC kuti alendo akutha nsomba zawo ndi kuzitumiza kunja pamene eni dziko akusowa ndiwo, ndipo dandaulo limeneli linalowa ndithu m'gulu la madandaulo amene anasonkhezera moto wa ndale m'zaka za Chitaganya. Wokaona nyanja anakaona ndi mvuu zomwe: ndalama inafika padoko, koma sinafike yokha.

Pano ndiloleni ndipatuke pang'ono, pakuti pali kanthu kamene kamandiseketsa ndikakakumbukira. Azungu a boma ku Zomba, posowa nsomba za kwawo, anaitanitsa mazira a nsomba ya m'madzi ozizira yotchedwa trout kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, naiika mumtsinje wa Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo pambuyo pake inafikanso m'madamu a ku Nyika. Ndipo ankaiwedza Loweruka ndi Lamulungu ndi ndodo yopyapyala ndi nyambo yabodza yoluka ndi nthenga kuti ioneke ngati ntchentche, osati chifukwa cha njala, koma kuti mtima usangalale. Anthu athu poona bwana wamkulu ataima m'madzi tsiku lonse chifukwa cha kansomba kamodzi ankagwira pakamwa. Komatu taonani, kansomba kameneko kanali ndi chilolezo chake cholipira ndi nyengo yake yoletsedwa, ndipo eni ake ankasunga malamulo amenewo mosanyinyirika, chifukwa ankadziwa kuti mtsinjewo ndi waung'ono ndipo nsombazo n'zowerengeka. Ife tinalakwa poyesa nyanja yathu yopanda malire chifukwa maso athu sankaona tsidya lake.

Boma lachitsamunda nalonso linaitana akatswiri. Mu 1939 anabwera Ethelwynn Trewavas, Kate Ricardo Bertram ndi John Borley kudzafufuza za nsomba za m'nyanjayi, ndipo lipoti lawo linatuluka mu 1942. Mu 1945 anafika mtsikana wina wa ku England dzina lake Rosemary Lowe, amene anakhala zaka ziwiri akuyenda m'madoko, akuyeza chambo ndi kuchitumbula, nachenjeza kuti nsomba yobereka ana ochepa ndi yochedwa kukula chotere ikhoza kutha ngati anthu saisamala. Mu 1949 kunatuluka lamulo la usodzi. Chimene ndifuna kuti mnyamata wolemba nkhani uja achisunge mumtima n'chakuti akatswiri amenewa, pofuna kusiyanitsa mitundu ya chambo imene m'maso mwa mlendo imaoneka yofanana, anatsamira pa nzeru za asodzi, kotero kuti mayina a lidole ndi saka, amene anatuluka m'kamwa mwa anthu a padoko, analowa m'mabuku a Chilatini nawerengedwa m'masukulu aakulu a ku Ulaya. Lero mtundu wa lidole uja papita zaka zambiri osaoneka m'makoka, ndipo dzina lake latsala m'mabuku monga dzina la munthu pamwala wa kumanda.

Kusintha kwa zida ndiko kunathyola msana wa mwambo wakale. Poyamba anthu anatulukira kuti m'matayala akutha a galimoto muli linya wolimba kuposa bwazi, nayamba kung'amba matayala ndi kuluka maukonde osaola msanga. Kenaka m'zaka za m'ma 1950 unafika ukonde wa nayiloni, wopepuka, wosafuna kuuyanika tsiku ndi tsiku, woti munthu wobwera ndi ndalama kuchokera ku Joni kapena ku Salisbury akhoza kuugula tsiku limodzi ngakhale asanapotepo chingwe chiyambire. Machera a nayiloni otchera pakamwa pa mitsinje anagwira ntchila zisanakwere kukaswana, ndipo nsomba imene inali yochuluka kwambiri inasowa m'zaka zochepa zokha. Chilimira, chimene Atonga a ku Nkhata Bay ndi anthu a ku Likoma ndi Chizumulu anali akatswiri ake, chinafalikira kumwera. Injini zinamangidwa kumbuyo kwa maboti a matabwa. Nyali za palafini zinayaka usiku pamadzi kuitana usipa ndi nsomba zina m'kasodzedwe kamene timati kauni, ndipo siginala, mwini nyali, anasanduka munthu wolemekezeka padoko. Mu 1968 anayamba maboti okoka ukonde pansi pa nyanja, ndipo ntchito ya Agiriki ija inalowa m'manja mwa kampani ya Maldeco. Kunabadwanso mtundu watsopano wa munthu, mwini zida wosalowa m'madzi, wokhala pamtunda ndi kabuku kake, pamene anyamata aganyu, ochokera kumidzi yosadziwa nyanja, ankapalasa usiku wonse kuti alandire gawo lawo m'mawa. Mnyamata wotere sanatolepo tinsomba pamchenga, sanakhalepo pamwala ndi mbedza, sanamvepo nkhalamba ikutchula mayina. Analowa sukulu ija pakhomo la kumbuyo, nayamba ndi kalasi yomaliza.

Amene afuna kuona mapeto a njira imeneyi apite ku Malombe, nyanja yaing'ono yosaya imene Shire amadutsamo atangotuluka m'nyanja yaikulu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Malombe ankatulutsa chambo cholemera matani zikwi zingapo pa chaka, ndipo midzi ya m'mbali mwake inamanga nyumba za malata ndi ndalama za nsomba. Koma makoka a maso ang'onoang'ono a kambuzi ndi nkacha, ukonde umene mnyamata amamira pansi kukaumanga kunsi kwake kuti pasapulumuke kanthu, anakokolola kasawala, nasalaza zisa za pamchenga, nazula udzu wa m'madzi mmene ana a nsomba ankabisala, kotero kuti patangopita zaka khumi chambo chija sichinafikenso ngakhale matani 1,000. Pamenepo boma linazindikira kuti wantchito mmodzi wa dipatimenti ya usodzi, wokhala ndi njinga ndi yunifolomu, sangalondere madoko mazana, ndipo mu 1993 linayambitsa ku Malombe komweko makomiti a m'madoko kuti asodzi eni ake asunge malamulo. Ndipo lamulo la 1997 linavomereza njira imeneyi m'dziko lonse. Maganizo ake anali abwino, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma komiti yobadwira mu ofesi, yosankhidwa pamsonkhano wa alawansi, kawirikawiri inkapezeka ikulimbana ndi mfumu ya mudzi pa funso la mwini doko, ndipo pamene awiriwo ankakangana, nkacha inkagwira ntchito yake usiku. Pamwamba pa zonsezi anthu anachuluka, kuchoka pa mamiliyoni anayi a kalembera wa 1966 kufika pa mamiliyoni oposa 17 a kalembera wa 2018, ndipo masikito operekedwa kuti ana asafe ndi malungo anasokedwa pamodzi nasanduka makoka osefa ngakhale mazira. Sindiweruza mayi wamasiye wokoka masikito m'bango kuti ana ake agone atadya. Koma madzi akatayika saoleka.

Ku Chilwa nkhani inayenda mwina. Nyanja imeneyi ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, anthu n'kumayenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, mabwato ali gone pamatope ong'ambika. Koma pa kuphwa kwa mu 1995 mafumu a m'mbali mwake pamodzi ndi a boma analetsa katupe ndi makoka m'maiwe a m'mitsinje yothira m'nyanjayo, mmene matemba, makumba ndi milamba zinathawira, ndipo mvula itabwerera mbewu yotsalayo inadzazanso nyanja. Nsomba siifuna zambiri kwa munthu, koma kuti aisiyire pobisala ndi nthawi.

Umboni woposa wonse uli pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, moyang'anana ndi doko la Chikombe, m'dziko la Mfumu Yaikulu Makanjira, amene owerenga asamusokoneze ndi Makanjira wa ku Mangochi. Mbiri ya kumeneko imati m'zaka za m'ma 1950 asodzi ochokera ku Likoma anadza kwa mfumu kudzapempha malo oti azipherapo utaka ndi zilimira zawo, ndipo mfumu inawalandira, koma inaika malamulo amene akusungidwa kufikira lero lino. Mvula ikayamba, m'mwezi wa Disembala, chilumba chimatsekedwa, ndipo munthu aliyense amachoka ndi zida zake kupita kumunda, nsomba n'kutsala zikuswana mumtendere, asodzi nawonso n'kupulumuka ku mphezi ndi namondwe wa dzinja. Ndipo chimatsegulidwanso chakumapeto kwa mvula, cha mu Epulo, pamwambo waukulu umene mfumu, nduna zake ndi akuluakulu a boma amasonkhana, mizimu ya makolo n'kukumbukiridwa, malamulo n'kunenedwanso poyera kuti wina asadzati sindinamve. Pachilumbapo saloleza mowa, chamba kapena njuga. Njoka za pamenepo saziopsa kapena kuzipha. Wakuba ndi wandewu amapirikitsidwa. Ndipo akazi safikapo, lamulo limene ena a masiku ano amalifunsa, poona kuti amayi ndiwo amayanika nsomba pathandala, kuziwamba ndi kuzigulitsa, ndipo ine funso limenelo ndilisiya m'manja mwa eni mwambo ndi ana awo aakazi.

Wophunzira wina adzati zonsezi ndi zamizimu chabe, zosayenera munthu wa sukulu. Ine ndimuyankha kuti aone chipatso, pakuti mtengo udziwika ndi zimene ubala: lamulo la boma loletsa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala linalembedwa m'Chingerezi chabwino ndi kusindikizidwa ndi chidindo, koma limathyoledwa usiku ndi usiku m'madoko ambiri, pamene lamulo la Mbenji, limene linayamba ndi mawu a pakamwa pansi pa mtengo, lapirira ulamuliro wa Angerezi, wa chipani chimodzi ndi wa zipani zambiri, ndipo chaka ndi chaka asodzi amachokera kutali kudzadikira tsiku lotsegulira, chifukwa adziwa kuti kumeneko utaka ulipo. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mbenji woika lamulo ndi wosunga lamulo amadyera m'mbale imodzi, amakumana pamaliro amodzi, ndipo wolakwa amachita manyazi pamaso pa anthu omudziwa dzina ndi mtundu wake. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo awa agonera zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi.

Tsono ndibwerere kwa mnyamata wanga wa nyuzipepala. Owerenga ake ambiri sadzakhala eni chilimira kapena eni boti; adzakhala ana a sukulu owedza Loweruka m'Shire, m'Lilongwe, m'Likangala, m'madamu a m'minda ya tiyi kapena pamiyala ya ku Nkhata Bay kumene mbuna zamawangamawanga zimasewera, ndipo ana amenewa ndiwo okhawo amene akadali m'kalasi yoyamba ya sukulu ija, aphunzitsi ake akutha mmodzi mmodzi. Awauze ndithu za nyambo ndi za mfundo yosamasuka, awachenjeze za ng'ona madzulo ndi za likodzo la m'madzi odikha, pakuti mwana wamoyo ndiye adzawedzenso mawa; koma nkhani imodzi ikhale ya chambo ndi ana ake m'kamwa, ndi chifukwa chake kasawala wosafika masentimita 15 ayenera kubwezedwa m'madzi ali moyo ngakhale kunyumba kulibe ndiwo; ina ikhale ya ntchila, imene agogo awo anaidya kufikira kutopa nayo ndipo iwo sanaionepo; ina ya mpasa wa mu Bua, amene akukwerabe chifukwa mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota, pamene mitsinje ina yodulidwa mitengo m'mbali yadzaza matope okwirira miyala yoikirapo mazira. Wolemba wotere sadzasowa cholemba ngakhale atalemba zaka khumi, pakuti doko lililonse lili ndi mayina ake a nsomba ndi a mphepo, osiyana pakati pa Mnyanja, Myao, Mtonga ndi Mnkhonde, ndipo ambiri a mayinawo sanalembedwepo papepala.

Ndipo inu anyamata ndi atsikana amene nkhani ino idzakufikani, musadikire kuti wa nyuzipepala adzakuuzeni zonse. Loweruka likudzali, musanapite kumwala wanu, tengani kope ndi pensulo, mupite kwa nkhalamba ija imakhala pamthunzi wa bwato wakutha ikusoka ukonde, muipatse moni mwaulemu mutagwada, muifunse mayina a nsomba zimene inkapha ili mnyamata, ndi mwezi umene iliyonse inkabwera, ndi zimene akulu ake ankailetsa. Mulembe zonse monga yanenera, m'chinenero chake, ndi dzina la doko ndi tsiku pamwamba pake, ndipo kopelo mulisunge pamalo osafika chiswe.